Jekete ya pa salaula yandichititsa manyazi, kodi Tomba ameneyu ndani?

Mnyamata_wa_Kapata

Muli bwanji nonse. Nkhani yanga ndi yoseketsa koma ndikufuna thandizo ndithu. Mwezi wa Juni uja kuzizira kutafika povuta ndinagula jekete pa salaula ku Kapata, yabuluu, yokhuthala bwino, kumsana analemba zilembo zikuluzikulu kuti TOMBA LA BOMBA ndipo pansi pake pali kachithunzi ka munthu wopinda mawondo atagwira ndodo ziwiri. Ine sindinaganize kanthu, ndinangoona kuti ndi yofunda komanso mtengo unali wabwino. Tsiku loyamba kuivala kuntchito mnzanga wina wa Chibemba anaseka mpaka misozi, ati iwe ukudziwa zimene wabereka kumsanako? Atandinong'oneza tanthauzo lake m'chilankhulo chao ndinavula pomwepo, mpaka lero ili m'chikwama. Ndinafufuza pang'ono pa foni ndaona kuti ndi dzina la mzungu wa ku Italy wa masewera aja otsetsereka pa chipale chofewa, koma bandulo inatha ndisanamve zambiri. Alipo amene akumudziwa? Anali katswiri weniweni kapena ndi dzina chabe? Ndikufuna ndikaivala ndizikhala ndi choyankha.

Mphunzitsi_wopuma_Katete

Mwana wanga, vala jekete yako usaope. Mwa mwayi wafunsa chinthu chimene ndikuchidziwa, chifukwa zaka zimene ndinkaphunzitsa pafupi ndi mishoni ina kuno kummawa tinali ndi bambo mfumu wa ku Italy amene abale ake ankamutumizira matepi a vidiyo, ndiye Lamulungu madzulo tinkakhala pa khonde lake kuonera munthu ameneyu. Ife tinkapita chifukwa cha khofi koma mapeto ake tinamuzolowera.

Dzina lake ndi Alberto Tomba, anabadwa mu Disembala 1966 ku Bologna. La Bomba ndiye kuti bomba lomwe lija lophulika, ndi dzina lomutamanda nalo. Mawu oti tomba m'Chitaliyana amatanthauza manda, ndiye uone kuti dzinali kulikonse lili ndi nkhani yake.

Chimene chinkadabwitsa anthu kwao ndi ichi. Akatswiri a masewerawa ku Italy ambiri amachokera kumapiri a Alps kumpoto, ana a m'midzi yozizira amene amayamba kutsetsereka akangoyamba kuyenda, ena a iwo ngakhale kunyumba amalankhula Chijeremani. Tomba anali mwana wa m'tauni, bambo ake ochita malonda a nsalu, ndalama zilipo. Tiyerekeze mwana wokulira ku Kabulonga abwere ku Mtenguleni pa Nc'wala n'kuvina ngoma kuposa Angoni eni ake, anthu angamuyang'ane bwanji? Ndi mmene zinalili. Thupi lakenso linali lalikulu, lamphamvu ngati la womenya nkhonya, pamene anzake ambiri anali ochepa thupi.

Anayamba kuonekera mu 1987 pamene anatenga mendulo ya buronzi pa mpikisano wa dziko lonse ku Crans-Montana, Switzerland. Kumapeto kwa chaka chomwecho anapambana koyamba mu World Cup ku Sestriere, ndipo nyengo imeneyo yokha anapambana mipikisano 9. Kenako Olimpiki ya ku Calgary, Canada, mu Febuluwale 1988, ali ndi zaka 21 chabe, anatenga golide awiri, wa giant slalom ndi wa slalom, mitundu iwiri ya mpikisano wotsika phiri mokhotakhota pakati pa timitengo. Wa slalom uja anaposa Frank Wörndl wa ku West Germany ndi 0.06 ya sekondi, kuphethira kwa diso kumachedwa. Bambo mfumu aja ankakonda kutiuza kuti usiku umenewo chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha ku Sanremo anachiimitsa kaye pa TV kuti dziko lione mnyamatayu akutsika phiri, ndipo nkhani imeneyo ndi yoona, inachitikadi.

Mu 1992 ku Albertville anatenganso golide wa giant slalom, kukhala woyamba pa masewera otsika mapiriwa kuteteza golide wa Olimpiki pa mtundu womwewo, kuphatikizapo siliva wa slalom. Koma tepi imene ine sindiiwala ndi ya slalom ya pa Olimpiki ya ku Lillehammer 1994, pamene aliyense amatsika kawiri. Ulendo woyamba anatsika moipa, anali nambala 12, ife tonse tinati basi watha mdala. Ulendo wachiwiri anatsika ngati wathamangitsidwa ndi njuchi, ndiye anaima pansi kudikira, amene anali patsogolo pake akubwera mmodzimmodzi koma nthawi yao osakwana, mpaka anatsala mmodzi yekha, Thomas Stangassinger wa ku Austria, amene anamuposa pang'ono chabe. Siliva ameneyo kwa ine anali wokoma kuposa golide.

Wanjinga_Chipata

Aphunzitsi ulemu wanu, koma ine izi sindikuziona ngati masewera. Munthu akutsika phiri, amene akugwira ntchito ndi phirilo, iye wangoima pa matabwa. Ine tsiku lililonse ndimatsika mitunda ya muno mu Chipata pa njinga nditanyamula mayi ndi thumba la mbatata kumbuyo, mabuleki ake a mwina mwina, palibe wandipatsa mendulo kkkk. Akadakhala kuti akukwera phirilo ndikadamvetsa. Komanso mwanena nokha kuti anali mwana wa olemera, ndiye zimenezi ndi zosewera za anthu okhuta basi. Samuel Matete wathu wa muno mu Zambia ankathamanga ndi miyendo yake, ameneyo ndiye katswiri.

Nasi_ku_Torino

Achimwene a njinga mwandiseketsa, ndikuwerenga ndili pa buleki kuntchito. Ine kwathu ndi ku Chadiza koma ndili kuno ku Torino zaka zingapo tsopano. Ndinali ndi maganizo ngati anuwo mpaka anzanga akuntchito ananditengera kumapiri tsiku lina. Anandiveka nsapato zolimba ngati chitsulo, anandiika pa kamtunda kamene amaphunzirira ana a zaka zinayi, ndinagwa kosawerengeka, mawa lake ntchafu zinkawawa ngati ndalima ekala yonse ndi khasu. Ana aja akungondidutsa n'kumandiyang'ana mwachisoni.

Ndikufotokozereni mmene zimakhalira. Pa mpikisano malo aja si ofewa ngati ufa ayi, amathira madzi dala kuti aume gwa ngati ayezi wa mufiriji, kuti woyamba ndi womaliza apeze njira yofanana. Pa slalom amazika timitengo tofiira ndi tabuluu pafupipafupi kuyambira pamwamba mpaka pansi, munthu ayenera kukhota pa kalikonse, ukaphonya kamodzi kokha watuluka, ulendo wonse wapita pachabe. Makhotawo amabwera pafupifupi sekondi iliyonse ndipo amatsika kawiri, nthawi ziwirizo amaziphatikiza. Giant slalom ndi chimodzimodzi koma timitengo timatalikirana ndiye liwiro limakula. Palinso ina iwiri ya liwiro, super-G ndi downhill, ku downhill amapitirira makilomita 130 pa ola, liwiro loti basi ya ku Lusaka ikachita pa Great East Road anthu onse amayamba kupemphera, koma uyu alibe chitseko alibe lamba, ndi chisoti chokha.

Apa ndiye pali mfundo imene ingakuthandizeni pa mtsutso wanu, chifukwa ngakhale kuno anthu ena ankamunena. Tomba sankapikisana nawo pa downhill, ndipo super-G anaisiya pafupifupi kotheratu atathyoka fupa la paphewa ku Val d'Isère mu 1989. Chikho chachikulu cha World Cup, chija chagalasi chozungulira, amapatsa amene wasonkhanitsa mapointi ambiri nyengo yonse pa mitundu yonse pamodzi. Ndiye munthu amene akulima minda iwiri yokha pamene anzake akulima inayi, nkhokwe yake idzadza bwanji kuposa yao? N'chifukwa chake anakhala wachiwiri katatu, mu 1988 kumbuyo kwa Pirmin Zurbriggen, mu 1991 kumbuyo kwa Marc Girardelli, mu 1992 kumbuyo kwa Paul Accola, anthu amene ankalowa paliponse. Koma nyengo ya 1994 mpaka 1995 anakolola mopitirira muyeso pa minda yake iwiri yomweyo, anapambana ka 11, slalom yokha ka 7 motsatizana, chikho anatenga. Munthu wa ku Italy womaliza kuchitenga anali Gustav Thöni mu 1975, ndipo Thöni yemweyo ndiye anali kochi wake pa nthawiyo.

Za ndalama zokha sindikutsutsani, ndi masewera odula kwambiri, zida zake, tikiti yokwerera pamwamba pa phiri, maulendo, mwana wa mlimi wamba sangafike patali popanda womuthandiza.

Koma poti tayamba, musaiwale azimayi. Nthawi yomweyo ya Tomba kunali Deborah Compagnoni, golide pa Olimpiki zitatu zotsatizana, 1992, 1994 ndi 1998. Mu 1992 atangotenga golide wa super-G, mawa lake lomwe anagwa n'kuvulala bondo koopsa, koma anabweranso. Ndipo zaka zino ndi Federica Brignone, mayi woyamba wa ku Italy kutenga chikho chachikulu chija mu 2020, anabwerezanso mu 2025 ali ndi zaka 34. Mukapeza jekete ya amenewo pa salaula mundisungire.

Chipolopolo88

Ine za ayezi sindilowamo koma ndamva 1988 ndi Italy m'chiganizo chimodzi ndiye sindingakhale chete. Chaka chomwecho mu Sepitembala ku Olimpiki ya ku Seoul tinawakwapula a Italy 4-0 pa mpira, Kalusha Bwalya atatu yekha. Ndiye mphwanga wa jekete, wina akakufunsa uziti Febuluwale inali yao, Sepitembala inali yathu.

Wanjinga_Chipata

Chabwino asisi a ku Torino, za ntchafuzo ndamva. Koma nanga bwanji ankathawa downhill? Kwa ine amenewo ndi mantha. Wanjinga amene amangoyenda pa tala, msewu wa fumbi wa ku Vubwi ayi, sitimuwerengera.

Mphunzitsi_wopuma_Katete

Mphwanga wa njinga, funso lako ndi lomwe bambo mfumu aja ankakangana nalo ndi mnzao wina wa ku Austria amene ankabwera kudzacheza, mpaka khofi kuzizira. Anthu ankati mayi ake a Tomba ndiwo sankafuna kuti mwana wao azilowa mipikisano ya liwiro poopa ngozi, ndipo manthawo sanali opanda pake, pa downhill anthu afapo. Ulrike Maier wa ku Austria anamwalira pa mpikisano ku Garmisch mu Januwale 1994, masabata ochepa Olimpiki ya Lillehammer isanayambe. Koma ine ndimaona mbali ina. Kuti ukhale bwino pa downhill uyenera kuthera masiku ambiri ukuyeserera njira zazitali, masiku amene slalom yako ikugona. Iye anasankha pamene panali mphamvu zake ndipo pamenepo anapambana ka 50 mu World Cup, slalom 35, giant slalom 15. Pamene ankapuma, mwa amuna ndi Ingemar Stenmark wa ku Sweden yekha anali ndi zochuluka kuposa iye, 86, ndipo Stenmark nayenso zonsezo anazipeza pa mitundu iwiri yomweyi. Matete amene wamutchulayo sitinamufunsepo chifukwa chake sankathamanga marathon, tinkangomuombera m'manja pa mamita 400 ake odumpha.

Chimene ine ndingamunene nacho si mantha koma khalidwe. Anali wokonda kudzionetsera, maphwando, magalimoto othamanga, kulankhula zazikulu pamaso pa atolankhani. Mu Disembala 1995 ku Alta Badia, ali pa nsanja yolandirira mphoto, anaona m'gulu wojambula zithunzi amene anagulitsa zithunzi zake ali maliseche, anamugenda ndi chikho chimene anali atangolandira n'kumuvulaza dzanja. Pamenepo n'kuti ali wa Carabinieri, apolisi aja a usilikali a kwao, chifukwa ku Italy ochita masewera ambiri amalembedwa m'magulu otere kuti azilandira malipiro, ndipo sipanapite nthawi anachokamo. Koma taona munthu wake, miyezi iwiri chabe chichitikire zimenezo anapita ku Sierra Nevada, Spain, pa mpikisano wa dziko lonse wa 1996 n'kutenga golide awiri amene anali akumuzemba zaka zonse.

Ku Nagano mu 1998 zinamukanika, anagwa pa giant slalom ndipo slalom sanaimalize. Mwezi wotsatira anapambana slalom yomaliza ya nyengoyo ku Crans-Montana, malo omwe aja anayambira kudziwika, ndipo chaka chomwecho anapuma ali ndi zaka 31. Asisi a ku Torino angavomereze kuti pa Olimpiki ya mumzinda wao mu 2006 ndi iye analowa ndi muuni m'bwalo pa mwambo wotsegulira.

Mnyamata_wa_Kapata

Zikomo kwambiri atate aphunzitsi, ndi inu asisi, ndaphunzira zambiri kuposa zimene bandulo yanga ikadakwanitsa. Usiku ndaonera ka vidiyo ka Lillehammer pa foni ya mlamu wanga, zoona munthu uja ankagunda timitengo ndi miyendo ngati akuthyola mapesi. Jekete ndaitulutsa m'chikwama. Kuntchito ndiziivala, wa Chibemba uja aseke mmene angathere ndimuuza za golide atatu. Koma Loweruka ndikupita kwa apongozi ku Mwami ndipo amayi ake a mkazi wanga anakhalako ku Kitwe kolankhula Chibemba zaka khumi, kumeneko ndivala juzi.