Gulu la "Mbumba ya Agogo": nkhani ya munda wa ku Chongwe

Lachiwiri

Msungichuma (Kabwata): Mwadzuka bwanji nonse. Pepani kukudzutsani ndi za ndalama, koma October wafika pakati. Tinagwirizana K500 khomo lililonse ya munda wa Agogo. Makomo tilipo 11. Amene aponya ndi Kabwata, Matero, Chelstone, Katete, ndi Mtendere theka. Enanu mukudzidziwa.

Amayi Aang'ono (Matero): Tadzuka mwanangu. Limba mtima, kulondola akuluakulu a ndevu si ntchito yamasewera.

Amalume (Chilenje): Ine ndinanena pa maliro ndipo ndibwerezanso. PEPALA KAYE. Malo aja Agogo anangopatsidwa pakamwa ndi amfumu a mudzi. Lusaka ikukula kulowera ku Chongwe, onani nyumba zimene zamera m'mbali mwa msewu wa Great East. Tsiku lina tidzapeza munthu wazika mabikoni a malire pakati pa chimanga chathu.

Mphwathu wa ku UNZA (yunivesite ya Zambia): Amalume, pepala silituluka sabata imodzi. Lamulo la za malo la 1995 limati malo a mfumu asanasanduke a taitolo, mfumu yaikulu ivomereze kaye, kwa ife ndi a Nkomeshya. Kenako khansolo, asaveya, mpaka ku Unduna wa za Malo. Mvula idikira zonsezo?

Amalume (Chilenje): Ndiye chifukwa chake ndikuti tiyambe lero. Pepala kaye.

Amayi Aang'ono (Matero): Nanga papepalapo padzalembedwa dzina la ndani?

Amalume (Chilenje): Funso limenelo likuloza kuti, mlongo wanga?

Amayi Aang'ono (Matero): Ndangofunsa achimwene. Ng'ombe zija nazonso zinali za tonse.

Uthenga uwu wafufutidwa

Uthenga uwu wafufutidwa

Mlamu (Chelstone): Ine ndalowa kumene, zafufutidwazo sindinazione ndipo ndathokoza.

Msungichuma (Kabwata): Chonde tibwerere ku K500.

Wa ku Munda: Mwaswera bwanji makolo. Netiweki kuno imagwira ndikakwera pachulu. Ndatumiza zithunzi zinayi. Lima imodzi (kotala la hekitala) ndatsala pang'ono kumaliza maenje, inayo sindinayiyambe.

Mlamu (Chelstone): Iii alamu, zonsezo ndi manja? Bwanji osangoitana thirakitala ligaule tsiku limodzi basi?

Wa ku Munda: Thirakitala alamu limabwera mochedwa, mvula itagwa kale, chifukwa aliyense amalifuna sabata yomweyo. Komanso nthaka ya Agogo pansi inalimba, madzi salowa, amangothamanga pamwamba kupita kudambo. Maenjewa ndikukumba ndi khasu la chaka, kuzama masentimita 20 kuti ndiboole polimbapo. Ndili ndi chingwe chimene ndinamangapo zotsekera za mabotolo pa masentimita 70 aliwonse. Pamene pali chotsekera ndi pamene ndikumba, ndikatha mzere ndimasuntha chingwe masentimita 90. Manyowa timathira m'dzenje momwemo, osati kumwaza munda wonse. Ikagwa mvula yodzalira, tsiku lomwelo tadzala. Chaka chamawa maenje ndi omwewo.

Wa ku Munda: Chimene ndikupempha, aliyense wobwera asayatse moto. Mapesi ndi udzu ndazisiya dala pansi.

Asuweni (Katete): Mwana uyu akunena zoona. Kuno mu 2024 amene anatolako kanthu ndi a maenje ndi amene anaphimbira nthaka, ngakhale nawonso analira. A COMACO, bungwe lothandiza alimi kusamala chilengedwe, anatiphunzitsanso kudzala mitengo ya gliricidia m'mizere, masamba ake ndiwo feteleza. Ndingatumize mbewu yake pa basi. Ndipo mtengo wa msangu uli pafupi ndi chitsime uja musaudule, umayoyola masamba nthawi ya mvula, chimanga pansi pake chimakondwa.

Amalume (Chilenje): Mudzale mitengo pa malo opanda pepala kuti adzadye ena? Pepala kaye.

Asuweni (Katete): Odi amayi aang'ono, zitenje za Kulamba zija ziwiri simunandipatsebe ndalama.

Amayi Aang'ono (Matero): Chimodzi chinali chong'ambika m'mphepete.

Asuweni (Katete): Koma pa Mkaika munavala chomwecho, chithunzi ndili nacho.

Mlamu (Chelstone): Kikiki tumizani tione. Chaka chino munali anthu, ine ndinangoonera pa TV.

Mphwathu wa ku UNZA: Amayi aang'ono anatchena kuposa nduna za a Gawa Undi.

Amayi Aang'ono (Matero): Iwe werenga mabuku.

Msungichuma (Kabwata): Anthuni. Zitenje mukambirane kumbali. Mbewu sitinagule. Chilenje, Kanyama, Chawama, Garden, Kitwe, Johannesburg, ndikuona kuti mukuwerenga, timizere tikusanduka tabuluu.

Lachitatu

Achimwene (Johannesburg): Moni banja. Ndinali bize. Ine kulima sindingathe kuchokera kuno, koma month end nditumiza yanga ndi ina yapamwamba, mulembe aganyu amalize. Zisavute.

Msungichuma (Kabwata): Month end wa mwezi uti achimwene? Wa chiliza uja sunafikebe.

Amayi Aang'ono (Matero): Mwanangu wa ku Johannesburg, ndalama tumiza, tikuzifuna. Koma za aganyuzo undimvere. Munda uja sitinautsegulenso chifukwa cha chimanga chokha. Chimanga chili pa msika wa Soweto ku Lusaka kuno, ukhoza kugula. Nonse mukudziwa m'mene m'bale wanu wa ku mundayu analili chaka chatha. Malaiti atavuta ntchito yowotcherera inatha, Agogo n'kutisiyanso miyezi yomweyo. Ine ndi amene ndinkakamutola. Sindinena kumene ndinkamutola. Lero ndikapita ndimapeza munthu wadzuka 4 koloko, wathirira chibwabwa ndi repu kudimba, wasesa pamanda pa Agogo, maso oyera. Ulendo watha anandiphikira nsima yekha, ndiwo zothyola ndikuona. Ndinalira m'minibasi mpaka pa Chelstone, kondakitala anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndiye mukati tilembe aganyu, iye akhale kapitawo wa alendo ife tili m'tauni pa foni, mwamubwezera kukhala yekha kumene kunamudwalitsa. Akufuna abale ake pamzere.

Mlamu (Chelstone): Amen amayi.

Wa ku Munda: Amayi aang'ono mwandiyalutsa pagulu, koma palibe bodza. Ine sinditha kufotokoza bwino. Ku Chawama usiku mutu sunkaima. Kuno ndikakumba maenje tsiku lonse thupi limatopa, ndimagona. Anzanga ndi azimayi a mpingo a kuseri kwa dambo, timachita dima: Lolemba kwa uyu, Lachinayi kwa uyo, mwini munda aphika thobwa ndi nsima. Iwo abwera kale kwathu kawiri. Akundifunsa kuti abale ako a ku Lusaka aja alipodi?

Asuweni (Katete): Manyazi amenewo ndi athu tonse.

Mphwathu wa ku UNZA: Ine ndiwonjezeko. Agogo ankanena kuti makolo awo anasamutsidwa pa nthaka yabwino, ife tinkangoti ndi nthano. Koma n'zolembedwa. Kampani ya North Charterland inatenga dera lalikulu kuzungulira Fort Jameson, Chipata wa lero, ndipo m'ma 1920 anthu anakankhidwira m'marizevu opanikizana. Msonkho wa nyumba unkathamangitsa amuna kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi ku migodi. Sabata yamawa pa 24 tikondwerera ufulu wa 1964, koma mu 2024 a pulezidenti Hichilema atalengeza za chilala mu February, ndani wa ife sananjenjemere thumba la unga la 25kg litapitirira K300? Ndani sanakongole? Munthu wopanda nkhokwe ufulu wake umathera pakantemba.

Amalume (Chilenje): Takumva a pulofesa. Anthu amene ukunenawo anawalanda chifukwa analibe chiyani? PEPALA. Wandithandiza kunena.

Mphwathu wa ku UNZA: Amene ankalandawo ndi amene anali ndi mapepala, amalume.

Mlamu (Chelstone): Eee.

Amalume (Chilenje): Ana a masiku ano. Ife tinalima nthawi ya a Kaunda, dzina loti lima lomwelo linabwera tikuona. Usandiphunzitse munda.

Amayi Aang'ono (Matero): Ndiye bwerani mudzatiphunzitse inu achimwene, khasu mukulidziwa.

Msungichuma (Kabwata): Garden aponya K500 tsopano lino pa Airtel Money. Zikomo asisi, ngakhale simulankhula. Kanyama atuluka pagulu, amene ali nawo pafupi awafunse ngati ndi foni kapena ndi mtima.

Mlamu (Chelstone): Ndifunseko ngati mlendo. Za FISP, thandizo la boma la feteleza ndi mbewu lija, sitingalembetse?

Asuweni (Katete): Chaka chino mwachedwa. Pamafunika munthu akhale mu kopaletivu, dzina lilowe kwa alangizi a zaulimi a m'deralo, aperekenso K400 yake. M'bale wathuyo alowe kopaletivu ya konko tsopano kuti chaka chamawa ayesere.

Wa ku Munda: Ndinalankhula nawo kale a tcheyamani. Koma ine mtima wanga uli pa manyowa. Pa Kasisi, kwa ansembe achiJesuit aja, amaphunzitsa ulimi wopanda feteleza wa m'sitolo, ndipo si patali ndi kuno. Mmodzi wa azimayi a dima anaphunzirako, ndiye akundionetsa kupanga kompositi. Manyowa a ng'ombe ndawapeza kwa aneba, akufuna K600 pamodzi ndi ngolo. Feteleza tigule wobereketsa yekha, wa lima ya chimanga. Lima inayo tidzale mtedza ndi khobwe, chaka chamawa tisinthanitse.

Msungichuma (Kabwata): Nazi zimene zili m'manja: K2,750. Manyowa K600. Mbewu ya chimanga yocha msanga, mbewu ya mtedza, thumba la urea, makasu awiri, ndi chakudya cha tsiku la dima. Sizikwana. Sindikubisa.

Mlongo (Mtendere): Theka langalo ndimaliza ndikalandira chilimba, ndalama zathu zoperekerana zija, pa 30. Koma ndifunse poyera, pokolola tidzagawana bwanji? Amene waponya ndi kubwera, amene waponya osabwera, ndi amene akungowerenga, onse thumba limodzimodzi? Ine zinandiwawa kale kamodzi.

Amayi Aang'ono (Matero): Tonse tikukumbukira.

Asuweni (Katete): Ine maganizo anga: choyamba mbewu ya chaka chamawa, chachiwiri chakudya cha amene akukhala pamundapo, chotsala tigawe potengera masiku amene khomo lagwira. A kutali ngati ine ndi a Johannesburg tsiku lathu tiliwombole ndi ndalama. Ndipo pasapezeke wothamangira kugulitsa kwa a mabirifikesi, ogula oyendayenda aja, mu April. Ngati n'kugulitsa tidikire FRA, bungwe la boma logula chimanga, mu 2025 ankagula K340 thumba la 50kg.

Mlongo (Mtendere): Nanga wolemba masikuwo ndani?

Wa ku Munda: Ine ndili ndi kope. Azimayi a dima ndinawalemba kale, nawonso adzalandirako kobiriwira.

Amalume (Chilenje): Mwayamba kugawira alendo zokolola za pa malo a mayi anga. Mawa adzati nawonso ndi eni. Ndanena ine.

Amayi Aang'ono (Matero): Alendowo ndi amene anatunga madzi pa maliro a mayi anuwo masiku onse atatu. Ena anafika tsiku loika.

Msungichuma (Kabwata): Basi basi. Amalume, tichite chonchi. Loweruka tonse tipite. M'mawa tikumbe, masana inu ndi amayi aang'ono, nonse awiri, mukaonekere kwa amfumu a mudzi ndi nkhuku, mukayambe ya pepalayo. Dzina lidzakhala la mbumba, tidzafunsa odziwa malamulo m'mene zimalembedwera. Koma K500 yanu ibwere.

Mlamu (Chelstone): Walira mvula walira matope, amalume.

Lachinayi

Msungichuma (Kabwata): A Johannesburg uthenga wanga wa kumbali sunayankhidwe. A Kitwe foni ikungoitana.

Mphwathu wa ku UNZA: Ine ndibwera ndi anzanga awiri a zaulimi, akuti akufuna kuona maenje enieni osati a pa bolodi. Adya zochepa.

Mlongo (Mtendere): Ana a sukulu adya zochepa kuyambira liti? Ndibwera ndi kapenta ndi mafuta.

Amayi Aang'ono (Matero): Chimera ndaviika kale, thobwa ndi langa. Alamu a Chelstone, galimoto ija ilipo?

Mlamu (Chelstone): Ilipo koma mafuta tisonkherane. Malo ndi anayi. Otsala akwere minibasi ya ku Chongwe, m'bale wathu awachingamire pamsewu.

Amalume (Chilenje): Ndisungireni kutsogolo, msana. Ine ndikupita kukaona malire ndi amfumu basi. K300 ndatumiza, yotsalayo ndi ya nkhuku ya amfumu.

Msungichuma (Kabwata): Yafika K300. Nkhuku si ya K200 amalume, koma tikambirana m'galimoto.

Wa ku Munda: Munyamuke 5 koloko, ikakwana 10 dzuwa la kuno simungalipirire. Makasu ndili nawo asanu ndi obwereka, amene ali nalo kunyumba abwere nalo. Nsapato za kutchalitchi musiye, kuli minga. Wina andigulireko mchere ndi mabatire a tochi.