Njinga yakale yamagetsi: batire latsopano kapena injini ya petulo?

Wofunsa: Akuluakulu, njinga yanga ili ndi batire la asidi la 36V lomwe tsopano limatha mphamvu ndisanafike kuntchito, makamaka pokwera chitunda. Kodi ndigule batire la lithium, kapena ndimangirire kainjini ka petulo?

Yankho loyamba: Bambo, ngati mota ikuzungulabe bwino, sinthani batire lokha. La lithium ndi lopepuka ndipo limakhalitsa, koma likhale la 36V komanso ndi tchaja yakeyake, chifukwa la 48V likhoza kuwotcha kontorola (kachipangizo kowongolera magetsi opita ku mota) yomwe sinapangidwire mphamvu yotere.

Yankho lachiwiri: Ine ndimakonza njinga, ndipo kainjini sindikukulimbikitsani. Timainjini ta mtundu wa two-stroke timafuna kusakaniza petulo ndi oyilo nthawi zonse, ndipo kunjenjemera kwake kumamasula mabawuti mpaka tcheni kumakhula tayala. Mabuleki a njinga yakapalasa sanapangidwire liwiro limenelo. Yezaninso felemu, chifukwa njinga zambiri zamagetsi zilibe mpata pakati woikapo injini.

Yankho lachitatu: Komwe magetsi amazimazima, injini imathandizadi, koma yambani mwafunsa za malamulo. Ku Britain, njinga yoikidwa injini ya petulo imatengedwa ngati yamoto, ndipo imafuna laisensi ndi inshuwalansi.