Odwala mutu atachezera kutchalitchi

Nasibeko: Anzanga ndigawireni nzeru. Loweruka m'mawa kuchipatala kwathu kunabwera anthu asanu ndi awiri a mpingo umodzi, onse mutu ukuwawa, chizungulire, awiri akusanza. Tinayeza malungo, palibe. Anali atachezera pa mapemphero a usiku wonse. Ena akuloza thobwa lomwe anamwa, ena akuti ndi ziwanda. Aka n'kachiwiri mwezi uno.

Chikondi: Alipo amene anatsegula m'mimba?

Nasibeko: Ngakhale mmodzi. Pofika masana ambiri anali atapeza bwino.

A Gondwe: Thobwa lisiyeni kaye. Magetsi analipo usiku umenewo? Jenereta anaiika pati?

Nasibeko: Anali atazima, bambo. Ndapitako dzulo. Jenereta ili m'kachipinda kosungiramo ng'oma ndi mabenchi othyoka, kuseri kwa guwa, ndipo chitseko chake chimatsegukira m'tchalitchi momwemo. Khoma lachita kuda bii ndi mwaye. Panja akuti akuba angaitenge. Mawindo anatseka chifukwa cha chiperoni, amayi a ana aang'ono n'kulowetsanso mbaula ziwiri.

A Gondwe: Ndiye mwaupeza, ndi carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, koma umakakamira m'magazi kuposa okosijeni nthawi zopitirira 200. Jenereta imautulutsa, makala oyaka m'nyumba yotseka amautulutsanso. Apeza bwino chifukwa anatuluka panja. Chimene chimandiopsa ndi ana ogonekedwa pa chitenje pafupi ndi chitseko chimenecho, poti wogona samva kuti mutu ukuwawa.

Mayi Tembo: Ndiwonjezereko za kuwodi. Kamakina kopana pachala koyezera okosijeni m'magazi kasakunamizeni. Kangathe kuonetsa 98 peresenti, ngati zonse zili bwino, munthu ali pangozi, chifukwa sikasiyanitsa okosijeni ndi mpweya woipawo. Wosokonezeka mutu, wokomoka kapena woyembekezera, muikeni pa okosijeni msanga ndi kumutumiza kuchipatala chachikulu.

Chikondi: Kwathu vuto linali lubani. Kamnyamata kotumikira paguwa kankabanika ndi mphumu Misa ikangotha, poti makala a lubaniwo ankayatsira m'kachipinda kovalira. Tinagwirizana kuti aziyatsira panja, iye n'kupatsidwa ntchito yonyamula mtanda.

Nasibeko: Nanga ndikawauza bwanji? Abusa ndi munthu wabwino, koma ndikangotchula jenereta aona ngati ndikuletsa mapemphero.

A Gondwe: Musakayambire pagulu, mwanangu. Khalani pansi ndi abusa, akulu a mpingo ndi mtsogoleri wa amayi, nkhani ya akubayo muimve ndithu, chifukwa mantha awo ndi oona. Wowotcherera zitsulo awapangire khola la loko loikamo jenereta, lofolera pamwamba, m'mbali mopita mphepo. Likhale mamita 6 kapena kuposerapo kuchokera ku zitseko ndi mawindo, paipi ya utsi iloze kutali ndi tchalitchi. Mtengo wa kholalo ndi waya wautali mupite nawo m'manja. Mbaula zizikhala panja, ofuna kuotha azituluka, ndipo mawindo awiri oyang'anizana asatsekedwe ngakhale kuzizire.

Mayi Tembo: Muwakumbutsenso za kusiwa. Amayi amachezera m'nyumba ya maliro ndi mbaula, chitseko chili chotseka.

Nasibeko: Zikomo nonse. Akulu a mpingo akumana Lachitatu, ndapempha kale mphindi khumi. Mapemphero ena ali Lachisanu, ndiye khola lisanapangidwe ndiwapempha kuti anyamata azilondera jenereta panja mosinthana.