Mapilitsi osiyitsa mowa alipodi? Alamu akufuna kuwathira mu ndiwo

Mlongo wa ku Ndirande:
Abale, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga oyamba kubadwa ndi kalipentala, ndipo mowa wawagwira zenizeni. Kale unali wa Loweruka lokha. Pano m'mawa akapanda kulawa kachasu manja amanjenjemera moti ngakhale pensulo yolembera pa thabwa imawavuta. Alamu atopa. Mayi wina wa kumpingo wawauza kuti kuli mapilitsi ophwanyira mu ndiwo, munthu n'kunyansidwa ndi mowa osadziwa chachitika n'chiyani, ndiye akuti ndiwathandize kusaka. Alipodi mankhwala amenewa? Eni akewo amati akufuna kusiya, kungoti sapita patali.

Namwino ku Leeds:
Achemwali, za mu ndiwozo ayi, chonde. Akunenawo ayenera kuti ndi disulfiram, ena amati Antabuse. Sachotsa chibaba. Amangolepheretsa chiwindi kumaliza kugaya mowa, ndiye poizoni wotchedwa acetaldehyde amaunjikana m'magazi. Munthu akamwa ngakhale pang'ono nkhope imatentha, amasanza, mtima umathamanga, BP imatsika. Wodziwa kuti wamwa pilitsi amaopa botolo, ntchito yake ndi imeneyo basi. Koma wosadziwa apita kwa mayi wa kachasu monga mwa masiku onse n'kukagwa komweko, ndipo ngati ali ndi vuto la mtima mukhoza kulira maliro. Mphamvu yake imatha kukhala m'thupi mpaka sabata ziwiri.

Chandidetsa nkhawa ine ndi manjawo. Thupi lazolowera mowa, choncho asayerekeze kusiya mwadzidzidzi ali kunyumba. M'masiku atatu oyambirira ena amagwa ngati akhunyu, ena amaona zinthu zoti palibe, kumabwebweta thukuta lili kamukamu. Kuchipatala amapereka diazepam kwa masiku ochepa, akumachepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Akawoloka pamenepo m'pomwe timakamba za naltrexone kapena acamprosate, mankhwala othandiza kuchepetsa chibaba cha mowa. Awiriwa bungwe la WHO lidawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2023.

Bambo wa ku Joni:
Ine naltrexone ndikumwa, pilitsi limodzi la 50mg m'mawa ndi tiyi. Adokotala adayamba andiyeza chiwindi, n'kundifunsa ngati ndimamwa mankhwala opha ululu a tramadol kapena codeine, chifukwa sayenderana n'komwe. Masiku oyamba nseru inandivuta, kenako inatha yokha.

Mmene amagwirira ntchito, mayi, si kuti mowa umakunyansa. Kale ndikangotsegula botolo loyamba, mutu unkakhala uli kale pa lachitatu. Pano ndikalawa umangokoma mwawamba, kachisangalalo kaja kamene kankandikoka sikabwera, botolo ndimatha kulisiya theka pa tebulo n'kumapita. Koma pilitsi silikusankhira anzako. Lachisanu lolandira malipiro ndalama ndimatumiza kwa madamu ndisanatuluke pa geti la ku ntchito, ndipo njira ya ku shabini ndidaisintha. Mnzanga wina sadamuthandize naltrexone, adampatsa acamprosate, wakumwa katatu patsiku, ndipo iye adamuyeza impso.

Gogo Wopemphera:
Mwanawe, uchidakwa ndi unyolo. Musaiwale kugwada.

Namwino ku Leeds:
Zoona agogo, apemphere ndithu, koma diazepam amwenso. Achemwali, poti muli ku Blantyre yambirani ku Queens mufunse a zamaganizo. Kulinso Zomba Mental, komanso St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mukafunse ngati naltrexone angapezeke, ndipo musagule kwa munthu wa pa WhatsApp.

Mlongo wa ku Ndirande:
Zikomo nonse. Alamu ndawaimbira, za mu ndiwo zatheratu. Zovuta n'zakuti achimwene akangomva dzina la Zomba amalusa, amati iwo si amisala. Ndiwauza kuti tikukayezetsa chiwindi ndi manja onjenjemerawo, poti si bodza, zinazo akamve kwa adokotala okha. Bambo a ku Joni, nseruyo inkachepa mukamwa mutadya kaye?