Chikalata changa chopemphera belo chabwezedwa, ndalakwitsa pati?

Wa_ku_Santhe: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuphunzira zamalamulo ku Zomba, chaka chachitatu, ndipo patchuthi pano ndikuthandiza loya wina kwathu kuno ku Kasungu. Anandiuza kuti ndilembe skeleton arguments (chikalata chofotokoza mwachidule mfundo zomwe loya akanene kukhoti) yopemphera belo bambo wina amene akumuganizira kuti anaba mabelo awiri a fodya (inde, belo ya mabelo, anzanga aseka kale). Ndinalemba masamba 11, milandu yonse yakale yomwe ndinapeza pa MalawiLII (webusaiti ya malamulo ndi zigamulo za makhoti a ku Malawi) ndinaithiramo. Abwana angowerenga tsamba loyamba, n'kulemba ndi bolopeni yofiira: "Munthuyu ndani? Anamangidwa liti?" Komatu zonsezo zili mufayilo! Ndizibwerezenso?

MayiLoya_LL: Bwerezani, achimwene. Inu mwagona nayo fayiloyo sabata yathunthu, koma woweruza ali ndi milandu ina mulu patebulo, ndipo bamboyo sanamuonepo. Ndime yoyamba inene dzina, mlandu wake, tsiku lomwe anamangidwa, komwe akusungidwa ndi chimene mukupempha. Kenako lamulo: gawo 42(2)(e) la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa atulutsidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asatuluke. Mawu a gawolo muwalembe momwe alili, musangotchula nambala. Onaninso ngati anapita naye kukhoti pasanathe maola 48, pakuti gawo 42(2)(b) limatero. Ngati sanatero, mfundo imeneyo isabisale patsamba 9.

Kalaliki_Wakale: Ine si loya, koma ndinanyamula mafayilo kukhoti mpaka imvi. Mapepala amathothoka, mwana wanga. Ukalemba kuti "onani lumbiro lija", mwina lumbirolo, chikalata cha umboni wolumbirira chija, latsalira mukabati. Nena zimene lumbirolo likunena, ndi nambala ya ndime yake.

Wa_ku_Santhe: Zikomo amayi, zikomo madala. Nanga milandu ija ndiichotse yonse? Ndinaivutikira usiku, bandulo mpaka kutha.

MayiLoya_LL: Bandulo pepani. Siyani iwiri kapena itatu, makamaka ya Supreme Court of Appeal, khoti lalikulu kwambiri la apilo, ndipo pa uliwonse munene zomwe khoti linagamula ndi mmene zikukhudzira bambo wanuyo. Malo otsalawo muyankhe zimene lamulo lotsogolera makhoti pa za belo, Bail (Guidelines) Act, limafunsa: angathawe? Angasokoneze mboni? Kasungu ndi kufupi ndi Zambia, woimira boma pamilandu sadzalephera kutchula zimenezo. Ndiye muyambe ndinu kunena za munda wake, ana ake, ndi abale amene avomera kumuimira. Mukamaliza, mupatse mnzanu amene sakuudziwa mlanduwo awerenge. Akafunsa funso, mubwerere pakompyuta.