Kodi "kunkerankera" n'kupitiriza kapena n'chinthu china?

NaBanda wa pa Ulongwe: Akuluakulu, thandizeni. Mwana wanga wabwera ndi ntchito ya kusukulu ya Chingerezi, akufuna kusiyana kwa "carry on" ndi "go ahead". Ndamuuza kuti loyambalo umauza munthu amene ali kale pa ntchito kuti asaleke, lachiwirilo ukumuloleza kuti ayambe. Amalume ali pakhonde akusenda nzimbe, angoti, "Zonsezo n'kunkerankera basi." Zoona zimenezi?

Wa ku Domue: Ayi mayi, amalumewo asokoneza. Kunkerankera n'kwa zoipa zokha. Agogo anga ankamasula kansalu pamwendo, kuyang'ana chilonda, n'kuti "chikunkerankera ichi." Munda wabwino sunkerankera.

Mayi a ku Tsangano: Ine agogo anga aakazi ankalima kachewere kuno. Akafukula phando limodzi ndi chala ankaseka, amvekere "zikunka zikula, mdzukulu wanga." Choipa chili pati pamenepo?

Wa ku Domue: Inu mwati kunka. Ine ndikunena kunkerankera. Liwu likabwerezedwa ndiye kuti zafika povuta. Tili kothawa nkhondo ku Dedza akuluakulu ankati nkhondo ikunkerankera. Mtendere utabwera mu 1992, ndani anati ukunkerankera?

Mkulu wa mpingo, Furancungo: M'Baibulo lathu lakale amalemba ndi m, "anamka". N'kupita chabe, kaya kwabwino kaya koipa. Koma ndani akuwerenganso? Ana athu akungoti "kontinuwa".

Mayi a ku Tsangano: Eee abambo, musanene. Dzana ndakwera chapa, minibasi ija, ya ku Zobue, kamnyamata kotolera ndalama kakumenya chitseko, "avansa, avansa!" Kunena kuti tiyeni kakuona ngati n'chimidzi. Mdzukulu wanga ndikamuuza kuti "muka" amandiyang'ana ngati ndatukwana.

Mnyamata wa ku Moatize: Pepani amayi, koma a Samora Machel, pulezidenti woyamba wa Mozambique, ankati "A luta continua", kutanthauza kuti nkhondo ikupitirira, ndipo owomba m'manja munali inu nomwe. Ife liwu la "kontinuwa" tinalipeza lili kale m'nyumba.

Wa ku Domue: Mwaonatu! Ngakhale pamenepo ndi nkhondo. Zoipa zokhazokha, monga ndanenera.

Mkulu wa mpingo, Furancungo: Achimwene, mawuwo ndi Chipwitikizi, sakukuikirani umboni ayi.

NaBanda wa pa Ulongwe: Nanga mwanayu alembe chiyani? Ntchitoyi akukapereka Lolemba.

Wa ku Domue: Alembe zimene mwamuuza zija. Koma amalumewo muwafunse ngati anamvapo kuti ukwati wokoma ukunkerankera.