Filimu yakumudzi ndinkafunsa ija ndaipeza

Sabata yatha ndinafunsa ngati pali filimu yoonetsa moyo wakumudzi monga ulili, yoti ndionere limodzi ndi amayi amene abwera kudzacheza kuno ku Chibavi. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha.

Ambiri munatchula The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ndipo ndi imene tinaonera Loweruka usiku, titafunda mabulangete, kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa. Itafika pa njala ya 2001 ija, anthu akukanganirana chimanga, amayi anangoti zii, tiyi mpaka kuzizirira m'kapu. Kenako anayamba kundisimbira za gaga amene ankatiphikira chaka chimenecho ife tili ana, nkhani imene sanandiuzepo chikhalire. Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene akusewera ngati bambo ake a William, chimamveka chachilendo ndithu, koma amayi anamuyamikira kuti anayesetsa.

Ya Shemu Joyah, The Last Fishing Boat ya 2012, yonena za msodzi wa kunyanja, sindinaipezebe. Amene muli nayo kuno ku Mzuzu chonde ndiuzeni msanga, amayi akubwerera kumudzi Lachinayi.